Chimanga ndi Nyemba m'Thumba la Jekete

Madalitso, wandifunsa kawiri tsopano kuti wasewera bwanji lero, ndipo kawiri konse ndakuuza kuti uyambe wavula nsapatozo. Sikuti sindinakuone ayi. Ndinalipo, ndinaima pansi pa mango aja kuseri kwa golo kuyambira poyamba mpaka woyimbira atathetsa mpira. Yankho lako lili m'thumba la jekete ili. Koma ndisanalitulutse, khalani pansi nonse. Iwenso Tiyamike, ika foniyo pansi, siithawa. Ndikufuna mudziwe kumene ndinaphunzira kuyang'ana mpira, kuti yankholo likatuluka wina asalire.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, pasukulu ya kwathu ya denga la udzu. Kulemba ndinkalemba bwino, aphunzitsi ankaonetsa kope langa kwa anzanga. Koma kuyankhula ndiye ayi. Funso likafunsidwa, yankho ndinkalinong'oneza kwa mnzanga wapambali, iye n'kukweza dzanja, n'kuomberedwa m'manja. Ine ndinkakondwera nazo zimenezo. Chimene ndinkaopa pa moyo wanga chinali chimodzi: munthu wamkulu kundiyang'ana ndi nkhope yokhumudwa.

Nditasiya sukulu ndinakalowa ntchito pa esiteti ina ya fodya cha ku Nkhamenya. Kapitawo wa kumeneko ataona kuti sindicheza, anandiika pa benchi yosankhira fodya. Anati, "Wopanda pakamwa amakhala ndi maso." Inu ana a lero fodya mumangomuona ali m'mabelo pa lole. Kusankha ndi ntchito ina. Fodya sasankha masana dzuwa likuswa mtengo, tsamba louma limangophwanyika m'manja osakuuza kanthu. Umalawira m'mawa kukali chinyezi, tsamba litafewa. Umatenga limodzi, kulitambasula, kuona kutalika kwake, mtundu wake, kukhuthala kwake, n'kuliika pa mulu wake. Limodzi limodzi. Ukagwira awiri, wanama kale.

Chaka changa chachiwiri kumeneko tinachita chinthu chopusa. Masamba abwino anachepa, ndiye tinadinda belo lina motere: pamwamba ndi pansi masamba okongola, pakati zinyenyeswa. Ku okushoni ogula sayang'ana pamwamba, amapisa dzanja pakati penipeni. Belolo linabwerera. Ndipo si lokhalo, mabelo athu onse a chaka chimenecho ankawapisa kawiri kawiri ngati a akuba. Kapitawo uja anandiimika pamaso pa belo lobwererali, nati, "Waona? Belo limodzi lanama, dzina la esiteti yonse lanunkha." Mawu amenewo muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Kenaka ndinakwatira agogo anu aakazi, NaPhiri, n'kudzakhala mudzi uno wa kwawo. Ndiye kuti ine pano ndine mkamwini. Munda umene mumalimawu si wa makolo anga. Woyang'anira mbumba yonse anali mlongo wawo wa agogo anu, alamu anga a Chimwala, amene inu munawapeza atakalamba, akuyenda ndi ndodo, akukugawirani mtedza. Musanamizidwe ndi mtedzawo. Pa nthawi yawo a Chimwala akatsokomola, nkhuku zinkasiya kutola.

Mpira unabwera mwamphamvu kuno zaka za makuponi a feteleza. Zaka za njala zija palibe ankathamanga, mwana ankangokhala pakhonde kuyang'ana njira. Koma feteleza wotsika mtengo atafika, nkhokwe zinadzaza, anyamata anakhuta mbatata ndi chimanga chokazinga, miyendo inayamba kuwayabwa. Midzi isanu ndi itatu ya dera lathu lino la Simlemba tinapangana zoyambitsa ligi. Inkayamba fodya akachoka m'zigafa, n'kutha mvula isanagwe. Timu ya mudzi uno anthu anaitcha Mikangala, chifukwa anyamata athu anali owonda ngati timitengo topachikira fodya tija. Magolo anali a bulugama, pamwamba chingwe. Koyenda tinkapita pa ngolo ndi pa njinga, amayi atatinyamulira chigubu cha thobwa ndi nzimbe. Inu lero mumafuna minibasi kuti mukasewere kutsidya kwa dambo.

Wapampando wa timu anali a Chimwala. Ine anandisankha kukhala mlembi, chifukwa cha dzanja langa komanso chifukwa ankadziwa kuti sinditsutsa.

Tsiku loyamba ndinapita ku bwalo ndi kope ndi bolopeni. Anthu anandizungulira, kusuzumira, kufunsa kuti ndikulemba ndani. Manyazi anandigwira, kope ndinalibisa. Ndiye ndinapeza njira yanga. M'thumba lamanzere la buluku ndinkaikamo chimanga, lamanja nyemba. Mpira uliwonse ndinkasankha mnyamata mmodzi yekha woti ndimuyang'ane, monga tsamba lija. Akalanda mpira, kapena akapatsira mnzake bwinobwino, ndinkatenga njere ya chimanga n'kuponya m'thumba la jekete. Akataya mpira, kapena akaima manja m'chiuno anzake akuthamanga, ndinkaponyamo nyemba. Kunyumba ndinkakhuthulira m'lichero, kuwerenga, n'kulemba m'kope.

Anthu sanachedwe kuona kuti manja anga sachoka m'matumba. Tsiku lina mayi wina wa timu imene tinkasewera nayo anakuwa kuti, "Taonani a Lameki akupisapisa m'thumba! Akutsirika golo amenewo!" Bwalo lonse linatembenuka. Ine, mkulu wa mpingo, kutsirika golo! Ndinafuna kulowa pansi. Agogo anu mpaka lero akafuna kundiputa amanditcha asing'anga a Mikangala.

Tsono chaka chimene ndikufuna kukuuzanichi, tinali ndi anyamata awiri oti muwadziwe. Woyamba anali Fuledi, mwana wa a Chimwala, amene aliyense ankamutcha Bomba. Inde, amalume anu a Bomba omwewa ogulitsa tomato pamsika. Mwendo wawo wamanja unali woopsa. Akamenya mpira, goloboyi ankayamba waganiza za ana ake. Zigoli zawo zinaposa za wina aliyense mu ligi. Atsikana ankawaimbira nyimbo.

Wachiwiri anali Sitefano, mwana wa tenanti wa pa esiteti ya kuseri kwa phiri, anthu ochokera kumwera. Ankasewera pakati, wopanda nsapato, wosayankhula. Chigoli sanamwetse ngakhale chimodzi chaka chonse. Anthu ambiri dzina lake sankalidziwa, ankangoti "kamwana ka atenanti kaja".

Koma thumba langa linkanena zina. Tsiku loyang'ana Bomba, jekete linkalemera nyemba. Ankadikirira mpira pafupi ndi golo ngati munthu wodikira basi. Zigoli zake zambiri zinali za pa bwalo lathu, ku golo ya kumunsi, poti bwalo lathu lija ndi lotsetsereka, ndiponso mphepo ya mwera imakankhira komweko. Chigawo chachiwiri ankapumira m'mwamba. Tsiku loyang'ana Sitefano, chimanga cha m'thumba lamanzere chinkandithera mpira usanathe. Ndinaona kuti mpira usanamufike ankayamba wacheuka, kuona kumene kuli anzake. Ndinaonanso kuti zigoli zambiri za Bomba zinkayambira pa phazi la Sitefano.

Ligi itatha, uthenga unafika. A Nyirenda, mphunzitsi wa timu ina ya ku boma, anati adzabwera kudzatenga mnyamata mmodzi wa timu yathu, poti ndife tinapambana. Mmodzi yekha, wosakwana zaka makumi awiri. Kumeneko akamupatsa pogona, chakudya, ndi mwayi wophunzira ntchito yamanja. Anapempha kuti mlembi alembe kalata yonena amene komiti yamuona kuti ndi woyenera.

Kwa Sitefano nkhaniyi inali yaikulu kuposa mpira. Bambo ake anali atauzidwa kuti chaka chamawa malo palibe pa esiteti. Ankangodikira lole yowabweza kwawo, kumene analibe ndi munda womwe.

Komiti inakumana masana ena m'chigafa cha a Chimwala, chili chopanda fodya, kutentha kwa Okutobala kukuphika mitu. Nkhani sinatalike.

"Apa palibe chokambirana," anatero a Chimwala. "Womwetsa zigoli tonse tikumudziwa. A mlembi, lembani: Fuledi Chimwala, zaka eyitini."

Wina anaseka pang'ono, nati, "Eyitini, apampando? Si uja anavinidwa pamodzi ndi mng'ono wanga wa ana atatu?"

"Ku boma amawerenga mano?" anayankha a Chimwala. "Akameta ndevu ndi mwana. Alamu, dzanja lanu lauma?"

Ana inu, ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaimirira n'kukana. Ayi. Ndinalemba. Ndinalemba mokongola kwambiri, zilembo zoima bwino ngati mizere ya fodya. A Chimwala anandisisita paphewa, ine mtima n'kukhala pansi kuti ndawasangalatsa. Kalata ndinaipinda n'kuika m'thumba lomwe lija la jekete.

Patapita masiku atatu kunali kuitana mayina a olandira makuponi pa bwalo la sukulu. Masiku amenewo linali tsiku lalikulu, midzi yonse inkasonkhana, mayina ankawerengedwa mokweza kuti aliyense amve. Kuponi inkapita kwa mutu wa banja. Woitana anafika pakati pa mndandanda, nakuwa kuti, "Fuledi Chimwala!" Bomba ananyamuka monyadira. Mkazi wake analulutira, khanda lili kumbuyo, wina wamkulu atagwira chitenje. Pamenepo mayi yemwe uja wonditcha wotsirika anaponya mawu: "Eee, mwana wa eyitini uja ndi ameneyu? Koma ana a masiku ano akufulumira!" Bwalo lonse linagwa ndi phwete.

Ine sindinaseke. Kalata ija inkanditentha pachifuwa ngati khala. Ndinaona belo lija la ku Nkhamenya litaima pamaso panga. Pepala lina likuti bambo wa banja, pepala langa likuti mwana. A Nyirenda akadzapisa dzanja pakati, adzabwerenso kuno kudzafuna mnyamata wina?

Madzulo ake ndinawauza agogo anu, tikusenda chinangwa pakhonde. Ndinati, "NaPhiri, kalata ija yanama. Koma ndikaisintha, alongo anu andithamangitsa pamudzi pano."

Iwo sanasiye n'kusenda komwe. Anati, "Kukwiya akwiya ndithu, achimwene ndimawadziwa. Koma inu munakwatira ine kapena achimwene?"

"Nanga munda?"

"Munda ndi wa amayi anga. Inu chimanga chija munkandithera m'nkhokwe chaka chonse, munkawerengera chiyani ngati simuchikhulupirira?"

M'mawa mwake ndinapita kwa a Chimwala, poti sindinafune kuwachititsa manyazi modzidzimutsa. Ndinawapeza akukonza goli la ng'ombe. Ndinakhala pansi, chipewa m'manja, n'kufotokoza zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandiyang'ana.

"Mwatha?" anafunsa.

"Ndatha, alamu."

"Kalata ndi yomwe ija. Mukaisintha, mukumbukire njira imene munadzera pobwera mudzi uno."

A Nyirenda anafika Loweruka pa njinga yamoto, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Anali munthu wamfupi, woseka, Chichewa chake chosakaniza ndi Chitumbuka. Tinakhala pa mabenchi pansi pa mango omwe aja. Anyamata onse a timu anakhala pansi, anthu a m'mudzi atazungulira. Sitefano anali kumbuyo kwenikweni, atakumbatira mawondo.

"Yewo, adada," anatero a Nyirenda atamwa thobwa. "A mlembi ndi ati? Mwandilembera njani?"

Ndinaimirira. M'thumba lina munali kalata, m'dzanja munali kope. A Chimwala ankandiyang'ana ndi nkhope ija ndinkaiopa kuyambira ubwana wanga. Ndinayamba kuyankhula, koma mawu sanatuluke bwino.

"Kwezani mawu, asing'anga!" wina anakuwa kumbuyo, anthu n'kuseka.

Kusekako kunandithandiza. Ndinati, "Bwana, ine ntchito yanga ndi yosankha fodya, kugulitsa sindidziwa. Kalata ndinalemba, koma sindikupatsani, chifukwa pamwamba pake ndi pakati pake sizikufanana. Ndikupatsani kope ili. Muli anyamata onse, aliyense ndi tsamba lake."

A Nyirenda anatsegula kope, nawerenga, nakweza nsidze. "Chimanga twente-foro, nyemba zitatu. Adada, iyi ndi timu kapena ndi nkhokwe?"

Ndinawafotokozera za matumba anga. Anaseka mpaka kupukuta misozi, koma kope sanalitseke. Anafunsa za golo ya kumunsi, ndinawayankha. Anafunsa amene amathamanga mpira ukatayika, ndinawayankha. Za Bomba ndinanenanso zabwino zake zonse, kuti mwendo ngati wake sindinauonepo, ndiponso kuti saopa munthu. Sindinamuchotsere kanthu. Kenaka anafunsa kuti, "Tsono pa mulu wapamwamba mwaikapo njani?"

Ndinati, "Sitefano, bwana. Tsamba lake silinakhwime, thupi likadali laling'ono, ndipo kumenya kugolo sadziwa. Koma zimenezo mukhoza kumuphunzitsa. Zimene ali nazo kale sizophunzitsika."

A Chimwala anaimirira. "Mwana wa tenanti? Wopanda ndi chigoli chomwe? Bwana, musamvere mkamwini uyu, mpira sanaumenyepo chibadwire!"

Zimenezo zinali zoona, sindinaumenyepo. A Nyirenda sanakangane nawo. Anangoitana Bomba kuti abwere kutsogolo, namuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka ku chibwano chometedwa bwino, namufunsa mofatsa, "Dada, zaka zingati?"

Bomba anayang'ana bambo ake. Anayang'ana ine. Kenaka anayang'ana pansi, nakanda m'mutu.

"Ndili ndi ana awiri, bwana," anatero. "Ndiponso nazale yanga ya fodya yamera kale. Ndikapita ku boma, athirire ndani?"

Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwabwino. Mpaka lero amalume anu a Bomba ndimawalemekeza chifukwa cha yankho limenelo. Tonse tinkakangana za iwo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawafunsa ngati akufuna kupita.

A Nyirenda anagawa anyamata pawiri, nawaseweretsa kanthawi pang'ono, maso awo ali pa munthu mmodzi. Dzuwa lisanapendeke, Sitefano anali atakwera kumbuyo kwa njinga yamoto, kajumbo ka zovala pamiyendo. Bambo ake anandigwira dzanja ndi manja awiri. Lole yawo inabwera sabata yotsatira.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. A Chimwala sanandithamangitse, poti agogo anu anaima pakhomo ngati mtengo wa muwanga. Koma dimba lathu la kudambo analanda, napatsa wina. Chaka chimenecho ndiwo zamasamba tinkachita kupempha. Dzinja lonse sanandipatse moni. Ku tchalitchi ankadutsa ngati ndine chitsa. Kwa munthu ngati ine, wofuna kuti aliyense andisekerere, miyezi imeneyo inali yaitali kuposa chaka cha njala.

Ndiye m'mawa wina, fodya atauma m'zigafa, ndinamva ngolo ikuima pabwalo pano, kukali mame. Kutuluka, ndinapeza a Chimwala atagwira chikwapu, ngolo itadzaza fodya, atamufunditsa masaka. Anatsokomola, nayang'ana kumbali.

"Alamu," anatero, "chaka chatha mabelo anga awiri anabwerera. Anyamatawa akusakaniza. Tandisankhireni uyu."

Ndinati, "Ndisankha, alamu. Koma wa pansi ndimuika pansi."

"N'chifukwa chake ndabwera kuno," anayankha, nayamba kumasula zingwe.

Za mpira sitinakambepo, tsiku limenelo kapena lina lililonse mpaka anamwalira. Dimba linabwerera chaka chinacho, mwakachetechete, monga linapitira.

Sitefano sanafike ku timu ya dziko, ndisakunamizeni. Anasewera ku boma zaka zingapo, ndipo Loweruka lina dzina lake tinalimva pa wailesi, kamodzi kokha. Ndinali ndikupala mpini wa khasu, ndinadzicheka chala. Ntchito imene anaphunzira ndi yowotcherera zitsulo. Lero ali ndi shedi yake, akulemba ena ntchito, ndipo makolo ake anawagulira malo. Chitseko chachitsulo chimene mumachimenyetsa tsiku ndi tsikuchi anapanga ndi iyeyo, anachibweretsa yekha pa galimoto, nakana kuti ndimupatse kanthu.

Koma chimene ndimanyadira koposa si chitseko. A Nyirenda anabweranso chaka chotsatira, ndi chinacho, ndi chinacho. Akafika sankafunsa kalata. Ankangoti, "Adada, nkhokwe ikuti bwanji chaka chino?" Anyamata ena atatu a dera lino anadzera njira yomweyo, mmodzi wa iwo mdzukulu wa a Chimwala. Dzina la mudzi uno silinanunkhe.

Tsopano Tiyamike, tenga lichero ilo ubwere nalo kuno. Madalitso, sendera pafupi, uwerenge wekha kuti usati agogo akukondera. Chigoli chako chija ndinachiona, chinali chokoma, ndipo ndinakuwa nawo ngakhale sunandimve. Koma taona. Chimanga chinayi. Nyemba khumi ndi imodzi, ndipo zisanu ndi za manja m'chiuno.

Usagwetse nkhope. Sabata yatha zinali khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Nyembazo kapatse agogo ako aakazi aziike pamoto, chimangacho undibwezere. Loweruka ndidzachifuna, ndipo ndidzatenga chambiri.